Pampu ya mafuta pa ndege yomanga nokha: muiike pati kuti injini isakuthimireni mlengalenga

Anthu omanga ndege za kiti, zija mumagula zidutswa n'kulumikiza nokha, kaya RV ya Van's, kaya Zenith, kaya Sling ija amapanga ku Johannesburg, amatha miyezi akulimbana ndi ma rivet komanso penti, koma ikafika nkhani ya pampu ya magetsi ya mafuta, ija timangoti boost pump, amangoipachika paliponse pamene papezeka kampata. Kenako tsiku lina kwatentha, ndege yadikira nthawi yayitali pansi injini ikulira, mukunyamuka ndiye singano ya puresha yayamba kuvina, injini kutsokomola. Mu 2012 bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB litaunika ngozi za ndege zomanga okha, lidapeza kuti kulephera kwa injini ndi kumene kumatsogola, ndipo lidapempha kuti womanga aliyense aziyesa kayendedwe ka mafuta ndege isanauluke koyamba. Nkhani yathu ndi imeneyo.

Gwirani ichi kaye: kapampu kameneka kamadziwa kukankha, koma kukoka ndi kaulesi. Amene adathirirako dimba ndi pampu yopalasa ija akudziwa, paipi yokokera ikatalika kapena chitsime chikaphwera, mumangopalasa thukuta kamukamu madzi osabwera. Ndiye petulo ndi woposa madzi pa vuto limeneli chifukwa sachedwa kuwira, mukamukoka mwamphamvu ali wofunda amasanduka mpweya mupaipi momwemo, ndipo pampu yopopa mpweya palibe chimene ikutumiza ku injini. Ndiyo vapor lock imene mumamva ija.

Zofunika kukhala nazo

- Buku la injini yanu lofotokoza kaikidwe, ndi mapulani a kiti. Osati zimene mwamva kwa anzanu pa Facebook.
- Pampu yogwirizana ndi injini, ndi check valve (vavu yolola mafuta kupita mbali imodzi yokha) ngati pampuyo ilibe njira yolambalala mkati mwake
- Sefa ya waya yotsegula n'kutsuka
- Paipi ya aluminiyamu yofewa ya 3/8 inchi, zolumikizira za AN6, chopindira paipi, ndi chotambasulira kukamwa kwa paipi cha madigiri 37
- Mahozi a mafuta a ndege ndi firesleeve (chovala choteteza hozi ku moto), ma Adel clamp (tizingwe tachitsulo ta labala mkati tomangira mapaipi)
- Waya wa ndege, swichi, fiyuzi kapena breaker
- Geji ya puresha imene mukuikhulupirira, kavavu kakang'ono, chigubu cholembedwa malita, foni yowerengera nthawi
- Chozimitsira moto, ndi munthu wina woti aime nacho

1. Jambulani njira yonse ya mafuta papepala musanabowole kalikonse

Yambani ku thanki mpaka ku injini. Pa ndege ya mapiko apansi ndondomeko yodziwika ndi iyi: thanki, kasefa ka mkati mwa thanki, vavu yosankhira thanki, sefa, pampu ya magetsi, kudutsa firewall (khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi kabini), gascolator (kasefa kokhala ndi kakapu kogwira madzi ndi zinyalala) ngati ilipo, pampu ya injini, kenako kabuleta kapena fuel servo, chipangizo chopimira mafuta pa injini ya injection. Pa chithunzicho lembaninso kutalika kwa chinthu chilichonse kuchoka pansi pa thanki, ndipo mujambule kawiri, ndege ili chilili komanso italoza mphuno kumwamba ngati ikukwera, chifukwa pokwera injini imapita pamwamba pa mathanki ndipo paipi imene imaoneka yotsetsereka ndege ili pa simenti imasanduka chitunda.

Ngati mapiko ali pamwamba ngati Zenith CH 750, mafuta amatsika okha ndiye moyo ndi wosavuta, komabe jambulani.

Chenjezo: pa mapiko apansi musaike vavu yokhala ndi malo a BOTH, otsegula mathanki onse awiri nthawi imodzi. Thanki imodzi ikauma pampu imasankha chopepuka, imakoka mpweya n'kusiya mafuta ali tho mbali inayo.

2. Sankhani pampu poyang'ana puresha imene injini ikufuna

Apa anthu amaganiza kuti yamphamvu ndiye yabwino. Ayi. Injini ya Lycoming ya kabuleta ngati O-320 kapena O-360 imafuna pakati pa 0.5 ndi 8 psi polowera kabuleta, ndipo n'chifukwa chake ma RV a kabuleta amagwiritsa kapampu kamakona anayi ka Facet. Rotax 912 ULS imafuna zochepera, kuyambira 0.15 bar, ndipo malire apamwamba ndi 0.4 kapena 0.5 bar kutengera pampu ya injini imene muli nayo, ndiye onani buku la injini yanuyo. Mukapyoletsa, mafuta amagonjetsa kasingano ka float, kabuleta isefukira, injini imwa mopitirira mpaka kutsamwa, ndipo petulo adontha pafupi ndi ekizozi.

Lycoming ya injection ngati IO-360 ndi dziko lina, imafuna osachepera 14 psi polowera servo, ndiye Facet kakang'ono kaja sikangathandize, pamafunika zamphamvu ngati za Airflow Performance kapena Andair. Pomwe Rotax 912 iS ilibe pampu yoyendetsedwa ndi injini n'komwe, imadalira mapampu awiri a magetsi pa puresha ya pafupifupi 3 bar. Pamenepo pampu si yongothandizira ayi, ikaima injini yaimanso.

3. Pezani malo: pansi, pozizira, pafupi ndi mathanki

Apa ndiye pagona nkhani yonse, musathamange.

Pansi: pampu ikhale motsika mmene mungathere, kuti mafuta azifika okha pakamwa pake kapena ikoke pang'ono chabe. A Facet eni ake amati isapitirire mainchi 12 pamwamba pa tsinde la thanki, ndipo potulukira pakhale pokwera kuposa polowera, mopendekeka ngati madigiri 45, kuti timathovu ta mpweya tizituluka tokha m'malo motsakamira mkati. Pa ma RV ambiri malo ake ndi pansi m'kabini, pakati pa miyendo ya anthu awiri, kutsogolo pang'ono kwa vavu yosankhira thanki.

Pozizira: kuseri kwa firewall, mbali yokhala anthu, osati mbali ya injini. Ndikudziwa ena akuti sindikufuna petulo wa puresha m'kabini, ndipo mantha amenewo ndi omveka, koma yankho lake ndi kulumikiza bwino ndi kuyesa kudontha, osati kuika pampu mu uvuni. Amene mudakwerapo magalimoto akale a kabuleta pa chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre mwezi wa Okutobala mukukumbuka, galimoto kuthima pakati pa phiri, dalaivala kutsika ndi nsanza yonyowa n'kuikulunga pa pampu, mudikire pang'ono iyakanso. Matenda ake ndi omwewo, kungoti mlengalenga mulibe poimika.

Ndidaziona ndi maso pa hangala ina kunja kwa Johannesburg kumene ndinkathandiza bambo wina kumaliza ndege yake ya mipando iwiri. Iwo adaika Facet pa firewall mbali ya injini, pamwamba ndithu, chifukwa pamenepo ndi pamene sipanala imafika bwino, ndipo paipi ya ekizozi imadutsa kadanga kakang'ono pansi pake. M'mawa zonse zili bwino. Masana titaiyendetsa pansi kwa mphindi zingapo n'kuyatsa pampu, kulira kwake kudasintha, m'malo mwa kugunda kolemera kuja kwa thu thu thu idayamba kaphokoso kofulumira kouma, tatatata, singano ya geji ili gwederegwedere kutsika. Nditaigwira ndidachotsa dzanja msangamsanga. Tidaisamutsira pansi m'kabini, paipi yokokera idafupika, nkhani idathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti Johannesburg ili pamwamba kupitirira mafiti 5,000, ndipo mukakwera mmwamba petulo amawira msanga kuposa kunyanja.

Pafupi: mbali yokokera, kuchoka ku thanki kufika pa pampu, ikhale yaifupi, yopanda makona akuthwa, yopanda chitunda pakati pamene mpweya ungabisale. Chilichonse chopanikiza mafuta chipite mbali yotulukira ya pampu. Kachipangizo koyeza mafuta amene injini ikumwa, kofiira kaja ambiri amati red cube, kali ndi kabowo kakang'ono mkati, musakaike mbali yokokera.

Ngati kapangidwe ka ndege kakukukakamizani kuika pampu mbali ya injini, ivekeni chophimba cha aluminiyamu ndipo mubweretse kapaipi ka mphepo yozizira kuchokera panja kuti kaziipemerera.

4. Onetsetsani kuti mafuta akudutsa pampu ikakhala yozima

Nthawi zambiri mukuuluka pampu ya magetsi imakhala yozima, pampu ya injini ndi imene ikukoka mafuta kudzera mwa iyo. Ndiye funso ndi lakuti, ikazima kapena ikafa, imatseka njira? Ma Facet ena amalola mafuta kudutsa momasuka, ena ali ndi vavu yotseka mkati, ndipo kunja amafanana ngati mapasa, kusiyana kwake ndi nambala basi. Werengani nambala ya pa pampu yanu, muyerekeze ndi pepala la wopanga. Mapampu amphamvu a injection aja amafuna njira yolambalala yokhala ndi check valve, ena amabwera nayo yomangiratu.

Mukaika mapampu awiri moyandikana, aliyense pa nthambi yake, pafunika check valve pa nthambi iliyonse, apo ayi imodzi izingobweza mafuta kudzera mwa inzake, ikulira bwinobwino koma ku injini kukufika zochepa.

Chenjezo: check valve ili ndi muvi. Yang'anani kawiri. Anthu amaiika chobwerera, zimachitika ndithu.

5. Sefa kutsogolo kwa pakamwa pa pampu, koma isakhale yothina

Thanki yatsopano imakhala ndi zinyalala, tizidutswa ta aluminiyamu, ta sealant, nthawi zina ngakhale ulusi wa nsanza. Kamodzi kokha kakalowa mu kavavu ka pampu basi yasiya kupopa. Choncho sefa iyambe, koma ya waya ya mabowo okulirapo, cha m'ma micron 70 mpaka 100 kapena mmene wopanga pampu wanenera, yokhala ndi malo aakulu osefera. Yothina kwambiri ija, ngati injini yanu ikuifuna, imakhala pambuyo pa pampu. Timasefa tapulasitiki ta njinga yamoto tokhala ndi pepala mkati tisiyeni ku njinga yamoto komweko, pepala likamwa madzi limafufuma n'kutseka.

Ikani pamalo poti mutha kuitsegula osamasula theka la ndege, chifukwa maola oyambirira muziitsegula pafupipafupi, ndipo ikakhala yovuta kufikira mudzayamba kunena kuti mawa.

6. Mapaipi ndi zolumikizira

Kukamwa kwa paipi ya ndege ndi madigiri 37. Chida cha amakaniki a galimoto ndi a mafiriji ndi cha 45. Zimalowana, zimamangika, poyamba sizidontha, kenako zing'ambika. Musabwereke cha kugalaja.

Tepi yoyera ya a pulambala ija isayandikire mafuta a ndege. Pa ndege ya bambo aja titatsegula sefa tidapezamo kachingwe koyera kotalika ngati chikhadabo, kochokera pa cholumikizira chimene adakulungapo tepi. Pa mazinga a NPT, aja a paipi amene amathina pamene mukumanga, pakani sealant yamadzimadzi yolola petulo, pang'ono, kusiya mazinga awiri oyambirira ali ouma. Pa zolumikizira za flare, za kukamwa kotambasula kuja, osapaka kanthu.

Mangani pampu pa chitsulo cholimba cha ndege, isalendewere pa mapaipi. Kuchoka pa firewall kupita ku injini gwiritsani hozi yofewa yovekedwa firesleeve chifukwa injini imagwedera, paipi yolimba ithyoka. Podutsa firewall cholumikizira chikhale chachitsulo, osati aluminiyamu.

Chenjezo lalikulu: kudontha kwa mbali yokokera sikuoneka. Sikutulutsa mafuta, kumalowetsa mpweya. Mutha kupukuta ndi chala osapeza chinyezi, koma pampu ikumeza thovu.

7. Magetsi

Pampu ikhale ndi fiyuzi kapena breaker yakeyake ya kukula kumene wopanga wanena, osagawana ndi magetsi owunikira kapena wailesi, kuti babu ikapsa isakuphereni pampu potera. Waya wa ground mukokere mpaka pamalo a ground enieni, musadalire bawuti womangira pampu pa chitsulo chopentedwa. Swichi ikhale pafupi ndi dzanja la throttle, poti mutha kuipeza osayang'ana, ndipo kanyali kosonyeza kuti yayaka kamathandiza.

Kwa a 912 iS ndi ena odalira magetsi okha, tsatirani chithunzi cha mawaya cha wopanga injini mmene chilili, ndipo dzifunseni: ndi waya uti umodzi umene ukaduka mapampu onse awiri aima? Mukaupeza, konzani.

8. Paipi yobwezera mafuta ndi nkhani ya petulo wa pa filing'i

Rotax imafuna kapaipi kobwezera mafuta ku thanki kokhala ndi kabowo kochepetsera, kuti mafuta otentha ndi mpweya zizichoka ku injini m'malo mwake kubwere ozizira. Ibwerere ku thanki, osati pakamwa pa pampu pomwepo, apo ayi mukungozunguliza mafuta omwewo akutenthera. Ngati mathanki ndi awiri dziwani kumene akubwerera, mungadzaze thanki yodzaza kale n'kumataya petulo panja kudzera pa venti, kapaipi kolowetsa mpweya m'thanki.

Petulo wa galimoto amawira msanga kuposa avgas 100LL, petulo wa ndege, ndiye ngati mukufuna kuulukira wa pa filing'i zonse zanenedwa pa sitepe 3 zikukhudzani kawiri. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe. Rotax imalola mpaka 10 peresenti, Lycoming safuna n'komwe, ndipo mahozi, sealant ya thanki ndi pampu yomwe ziyenera kukhala zopirira ethanol. Kuyesa n'kosavuta: thirani madzi pang'ono m'kabotolo koonekera, lembani mzere pamene afika, onjezani petulo wochuluka, khutchumulani, dikirani. Madzi akakwera kupitirira mzere ndiye kuti muli ethanol.

9. Yesani kudontha

Thirani mafuta pang'ono, tsekani paipi ku mapeto a injini, yatsani pampu, dutsani cholumikizira chilichonse ndi pepala loyera. Avgas amasiya banga la buluu. Nunkhizaninso m'kabini mmawa wotsatira zitseko zitagona zotseka.

10. Yesani ndi chigubu, mphuno ili mmwamba

Iyi ndiye sitepe imene ambiri amadumpha chifukwa ndi yotopetsa, koma ndi yokhayo imene ingakuuzeni zoona. Malangizo a AC 90-89 a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, amati ndege ipendekeke madigiri 5 kupitirira mmene ingakwerere kwambiri. Ya gudumu la kumchira mukumbire dzenje mchira ulowe, kapena kwezani magudumu akutsogolo pa matabwa olimba. Ya gudumu la kumphuno tsitsani mchira n'kuumangirira. Chitirani panja, lumikizani waya pakati pa ndege, chigubu ndi nthaka kuopa kamoto ka static, mnzanu aime ndi chozimitsira.

Thirani mafuta ochepa m'thanki, osati kudzaza, chifukwa tikufuna kuona tsiku loipa. Masulani hozi polowera kabuleta, isungeni pa msinkhu womwewo wa kabuleta, osaitsitsira pansi chifukwa ikatsika imakoka yokha n'kukunamizani. Muyeso ndi uwu: ngati mafuta amatsika okha, atuluke 150 peresenti ya zimene injini imamwa ponyamuka, ngati ndi a pampu, 125 peresenti.

Tiwerengere limodzi. O-360 ya mahachi 180, kuchulukitsa ndi mapaundi 0.55 pa hachi pa ola, ndi mapaundi 99. Galoni ya avgas imalemera mapaundi 6, ndiye magaloni 16.5 pa ola. Kuchulukitsa ndi 1.25 tikupeza magaloni 20.6, omwe ndi malita pafupifupi 78 pa ola, kapena lita 1.3 pa mphindi. Rotax 912 ULS imamwa malita 27 pa ola ponyamuka, ndiye mukufuna osachepera 34.

Paipi ikakhala yotseguka pampu imaoneka ngwazi chifukwa palibe chikuikaniza. Ikani kavavu ndi geji kumapeto, tsekani pang'onopang'ono mpaka geji isonyeze puresha imene injini imafuna, ndiye muyeze pamenepo. Yesani thanki iliyonse payokha. Kenako siyani ipope mpaka iyambe kulavula mpweya, otsala m'thankimo ndi mafuta amene simungawagwiritse ntchito, lembani chiwerengerocho m'buku la ndege. Mukawona thovu losatha mu mtsinje wa mafutawo thanki isanaume, bwererani ku sitepe 6, penapake pakulowa mpweya.

Zolakwika zimene zimabwerezabwereza

Kudalira kulira kwa pampu. Kulira si kupopa. Musanalize injini yatsani pampu muone geji ikukwera, ndipo pa run-up, poyesa injini musananyamuke, izimitseni kaye kuti mutsimikize kuti ya injini ikugwira payokha, chifukwa mukaisiya yoyaka nthawi zonse imabisa imfa ya inzake.

Kugula Facet yachinyengo ya mtengo wozizira pa intaneti. Zofanizira zilipo zambiri, mtundu womwewo wagolide, mkati zosiyana.

Kusintha kamodzi kokha, mwina sefa yatsopano kapena kachipangizo koyeza mafuta, n'kusabwereza mayeso a chigubu.

Kuiwala venti ya thanki. Pampu yabwino yoikidwa pamalo abwino singatulutse mafuta mu thanki imene mpweya sukulowa, imakoka mpaka puresha kugwa, nthawi zina thanki kuphwanyikira mkati. Ndege ikakhala milungu ingapo mu hangala mavu aja omanga ndi dothi amakonda timabowo totere, amamata bwinobwino ngati apemphedwa. Ikani kasefa ka waya kapena chovindikira chokhala ndi kansalu kofiira pamene yaima, ndipo musananyamuke tsegulani chitsekero cha thanki, vekani kahozi koyera pa venti, muuzire pang'ono mumve ngati mpweya ukudutsa.